Funso la 173

M'chaka cha 2091, pa sikimu ya mpunga ya Milambe Itatu ku Chigwa cha Shire, panalibenso munthu wotsekula madzi ndi khasu. M'mawa uliwonse timakina touluka, timene anthu ankatitcha atombolombo, tinkazungulira minda kuyeza chinyezi. Tikabwerera, zipata zachitsulo za m'ngalande zinkadzikweza zokha, china masentimita khumi, china makumi awiri, monga mwa ludzu la munda uliwonse. Mabanja mazana atatu ankadalira dongosolo limeneli, ndipo ambiri anali ataiwala kuti pali munthu wolisamala.

Mvula ya chizimalupsa inawakumbutsa. Inabwera ndi mphezi, mpheziyo inamenya nyumba ya makina, ndipo zipata zonse zinaima zili zotseka. Madzi anadzaza m'ngalande yaikulu, koma ku nazale, kumene kunali mbande za mpunga za sikimu yonse, sikunkapita ngakhale dontho.

Wosamala makinawo anali Mayi Esinta Nankhoma, injiniya wa zaka makumi asanu ndi limodzi, munthu wolemba chilichonse m'kope ndi kulemba tsiku pamwamba pake. Atayang'ana, anapeza kuti kompyuta sinapse. Pulogalamu yaikulu yoiyendetsa, yotchedwa Tsinde 4, inali bwino. Malamulo a madzi analiponso. Koma malamulowo analembedwa m'chinenero cha makina chimene Tsinde sachimva payekha. Pakati pawo pamakhala womasulira, pulogalamu yowerenga lamulo lililonse ndi kumuuza Tsinde chochita. Womasulirayo ndiye anafufutika.

Wapampando wa sikimu, a Yotamu Kaphwiti, mng'ono wa malemu amuna awo a Mayi Nankhoma, analowa thukuta lili kamukamu.

"Alamu, mbande zayamba kupinda masamba. Bwanji osangokoka womasulira wa ku Blantyre? Ndamva kuti ndi ntchito ya mphindi ziwiri."

"Wa ku Blantyre anamumangira Tsinde 9. Wathu ndi 4. Tiyenera kumanga wathu pompano."

"Kumanga? Ndikaitane owumba njerwa?"

"Itanani woti akuchotseni pakhomopo, mukunditchinga kuwala."

Kumanga womasulira kunali kuyankha mafunso 212, limodzi limodzi, onena za kompyuta imene adzakhalemo: imasunga zinthu pati, imawerenga nthawi motani, ili ndi malo aakulu bwanji. Mafunso akatha, makina amasonkhanitsa womasulirayo, kenako amamuyesa kwa maola anayi asanam'patse ntchito.

Ulendo woyamba ntchito inaima pa funso la 61, chifukwa Tsinde 4 analibe kachidutswa ka pulogalamu kowerengera nthawi kamene makina atsopano amakhala nako. Mayi Nankhoma anakalemba okha, nayambiranso. Ulendo wachiwiri inafika pa 118, malo m'kompyuta anatha, ndipo mayankho onse anatayika. Anavula magalasi, nawapukuta, kenako anatsegula tsamba lina la kope ndi kuyambanso pa funso loyamba.

"Tsiku lachiwiri ili, alamu," anatero a Kaphwiti. "Anthu akundiima pakhomo. Mafunso onsewa ndi ofunikadi? Ngakhale pa chinkhoswe safunsa chonchi."

"Onse. Taonani ili la 173. Likufunsa kuti kompyuta imawerenga manambala kuchokera mbali iti. Makina a masiku ano amayambira kutsogolo. Tsinde 4 amayambira kumbuyo. Womasulira akapanda kuuzidwa zimenezi, amapereka nambala chotembenuza."

"Makina anu ndi amanzere basi," anaseka a Kaphwiti, koma maso awo anali pa zenera, ku nazale.

M'mawa wa tsiku lachitatu kunabwera uthenga wakuti msuweni wa Mayi Nankhoma wamwalira ku Ngabu, ndipo maliro aikidwa tsiku lomwelo chifukwa cha kutentha. Kusapita kunali kosatheka. Iwo ndi amene anayenera kukakhala pafupi ndi ana amasiye. Anavala chitenje, nalemba pepala ndi zilembo zazikulu, nalimata pa kompyuta: MUSAKHUDZE. NDAFIKA PA FUNSO LA 140. NDIBWERA MAWA M'MAWA.

"Mbande zipirira mpaka mawa madzulo, ndaziona ndekha," anawauza a Kaphwiti. "Uzani anthu atunge ndi zitini, athirire m'mbali. Mwandimva, alamu?"

"Ndamva. Yendani bwino, mukapepese."

Koma masana dzuwa linakula. Anthu anasonkhana pa nyumba ya makina, ena ali ndi mbande zofota m'manja. Zitini anali atazisiya kale. Ambiri analibenso ndi chitini chomwe. Mayi wina anafuula kuti, "Tinakusankhirani chiyani, a Kaphwiti? Kuti muzilondera pepala?"

A Kaphwiti analowa, nachotsa pepalalo, naliika pambali mwaulemu. Kompyuta itaona kuti patsogolo pake pali munthu, inalankhula.

"Patsala mafunso 72. Kodi ndiwayankhe monga amayankhidwira masiku onse?"

A Kaphwiti anadabwa. "Tsono mumatha kuyankha nokha? Nanga alamu akuvutikiranji masiku atatu onsewa? Yankhani, bambo, yankhani!"

Sanadziwe kuti mayankho a masiku onsewo ndi a Tsinde 9. Patapita mphindi khumi, mawu aja anamvekanso.

"Womasulira wamangidwa. Kodi ndimuyese? Mayeso atenga maola anayi."

"Maola anayi mbande zikufa? Ayi, dumphani zimenezo."

Atombolombo anauluka, anthu naomba m'manja, amayi naimba nthungululu. Timakinato tinabwerera ndi lamulo loyenera: chipata cha nazale chikwere masentimita 18. Womasulira anapereka nambalayo monga anamangidwira, ndipo Tsinde 4 anaiwerenga monga amawerengera masiku onse. Chipata chinakwera masentimita 81.

Madzi amene anadikira masiku atatu m'ngalande anatuluka ngati mtsinje wosefukira. Anagumula mizere ya nazale, nazula mbande ndi dothi lake lomwe, nazitengera ku dambo. A Kaphwiti anathamangira m'nyumba ya makina akukuwa kuti, "Tsekani! Tsekani!" Kompyuta inawayankha modekha kuti chipata chili pamene lamulo lanena.

Mayi Nankhoma anafika m'mawa mwake ndi basi yoyamba, chitenje cha pa maliro chili m'chiuno. Anaima pa mlambala nayang'ana matope pamene panali nazale. Sanakalipe. Analowa m'nyumba ya makina, napeza pepala lawo litapindidwa bwino pa tebulo.

"Alamu," anayamba a Kaphwiti, "makinawo ananena okha kuti akhoza kuyankha."

"Anakufunsani, inu munavomera. Anapemphanso kuti adziyese, inu munakana. Mayesowo akanakuuzani kuti nambala zatembenuka."

"Tsopano titani?"

"Mukauze anthu afese mbewu ina. Tachedwa ndi mwezi wathunthu, ndipo ena sakolola chaka chino. Mukawauze nokha, osatuma munthu."

A Kaphwiti anatuluka, chipewa chili m'manja. Mayi Nankhoma anakhala pansi, natsegula tsamba latsopano la kope, nalemba tsiku pamwamba pake, nayamba pa funso loyamba.

Makina aja sanalakwe kanthu. Anachita ndendende zimene anauzidwa ndi munthu amene analibe nthawi yowauza zoona.