Kantchito ka Wamtali

Madzulo amenewo antchito atakwera basi, injiniya anatsala yekha m'chipinda cha makompyuta. Vuto linali lomwe lija. Malamba onse onyamula mabotolo akamathamanga pamodzi, kompyuta yolamulira makina inkachedwa kuyankha. Kuchedwako sikunkafika ngakhale pa kuphethira kwa diso, koma chotsekera chinkatsika botolo litasuntha kale, magalasi n'kumwazika pansi.

"Wamtali akanakhala moyo, bwenzi izi zitatha kalekale," anatero bwana masana. "Mawa zikakanika, ndiitana wina."

Wamtali, yemwe analemba pulogalamu ya makinawo, anaikidwa m'manda chaka chatha, koma pafakitale ankamutchulabe ngati wangopita kukamwa tiyi. Dzinalo linkamuwawa injiniya ngati dzino lobowoka.

Anayatsa malamba onse n'kuyamba kufufuza ntchito zomwe zinkalimbirana nthawi m'kompyutamo. Anapeza kantchito kakang'ono komwe analemba Wamtali. Kankadzuka pafupipafupi, kutseka njira yomwe ntchito zikuluzikulu zimadutsa, n'kuitsegula mochedwa.

"Eya, akatswiri inu," anatero akuseka. "Mawa onse adziwa kuti munaipitsa ndinu."

Anakafufuta osasunga kope. Makina anayenda bwinobwino, osaswa botolo ngakhale limodzi.

Anaika kapu patebulo. Sinalire. Atachotsa dzanja ndi pamene inamveka: kho.

Anakankha mpando. Zii. Kenako kukwekwereza.

Chitseko chinatseguka. Panalibe munthu. Mpando wa Wamtali pakona, womwe aliyense ankaupewa, unatsika pang'ono ngati walemedwa. Ndiyeno kugogoda kunafika, kodekha.

"Ndani?"

Milomo inayenda, mawu osatuluka. Anadzimva akufunsa ali kale pakhonde, akuthawa, mapazi ake akumveka m'mbuyo mwake.

M'mawa mlonda anamupeza atakhala pageti, atagwira mawondo. Bwana anayendera makina, n'kubwerako akumwetulira.

"Mwaona, anthu inu? Pulogalamu ya Wamtali imadzikonza yokha. Analipo munthu uja!"

Injiniya anatsegula pakamwa. Mawu ake oti "Ndakonza ndine" anamveka bwana atalowa kale mu ofesi.

Ntchito sanamuchotse. Adokotala akuti ndi kutopa, ndipo mwina n'zoona. Koma amayi otsuka mabotolo amanong'onezana kuti kuchedwako sikunathe, kunangosowa pokhala n'kulowa mwa injiniyayo. Mukamupatsa moni pageti, musaime. Mawu ake oti "Ndili bwino, kaya inu" amakupezani mutafika kale kumalamba.