Ng'ombe Imene Sinaponde Munthu

Luciana anafika pakhomo atanyamula beseni la madzi ofunda, n'kuima chilili, osadziwa kuti alowe kapena abwerere. M'nyumbamo amayi ake ndi malume ake ankanong'onezana ngati pagwa maliro, chonsecho bambo ake, a Nicolau, anali moyo. Anali gone pamphasa, thukuta lili kamukamu, mwendo wakumanzere utatupa mpaka kunyezimira.

"Iwe, talowa kuno," anatero malume Baltazar. "Tchera khutu. Wina aliyense akakufunsa, bambo akowa anapondedwa ndi ng'ombe yanga. Wamva?"

"Koma amalume, ng'ombe yanu ija..."

"Wamva kapena sunamve?"

"Ndamva."

Kumva anamvadi, koma mutu sunagwire kanthu. Ndani m'mudzimo sankaidziwa ng'ombe ya malume Baltazar? Inali nkhalamba yotheratu, yofatsa moti ana ankaikwera pamsana iyo ili phee, ikubzikula. Ngakhale ntchentche inkachita ulesi kuziingitsa. Ndiye lero akuti yathyola mwendo wa munthu wamkulu!

Zoona zake zinali zina. A Nicolau anali motolisita, ndiye kuti dalaivala, wa empuleza, kampani ya boma yonyamula maphukusi. Chilandirireni ufulu, iwo ndiwo ankanyamuka ku Fingoe pagalimoto yaikulu kukatula katundu ku Chipera, ku Chiputo mpaka ku Malowera. Ankanyamula mankhwala a kuchipatala, mabuku a kushikola, ndi timaphukusi tosokedwa m'ziguduli tochokera kwa anthu ogwira ntchito ku Tete. Zonsezi pantchitopo ankazitcha enkomenda. Nkhondo ya m'tchire itabuka anzawo ambiri anaithawa ntchitoyo, koma iwo ayi. Ankangoti, "Mwini enkomenda akudikira."

Tsiku la ngoziyo kunagwa chimvula chosaona nkhope. Pamtsinje wa kufupi ndi mudzi wawo, madzi anali atadya msewu chakunsi. Galimoto inaterereka, n'kugona cham'mbali m'madzimo, n'kupana mwendo wa a Nicolau. Amuna a m'mudzi ndiwo anawasolola n'kuwanyamula pachitseko mpaka kunyumba. Azimayi anavuula maphukusi amene anatha kuvuula, ndipo malume Baltazar analamula kuti onse aponyedwe m'nkhokwe, awafunditse makoko a chimanga.

"Galimoto ija ndi ya boma," anatero malumewo tsiku lomwelo. "Masiku ano ukangowononga chinthu cha boma amati ndi sabotaji, wachitira dala pothandiza adani. Akapezanso maphukusi pakhomo pano adzati taba. Mwaiwala za Teodoro uja? Anagwetsera thirakitala m'dzenje, a boma anabwera n'kumutenga, mpaka lero zii."

Nkhani ya Teodoro ndiyo inkamuzunguza mutu Luciana. Malume ankati anamangidwa. Amayi a Luciana, a Beatriz, anamva kuchigayo kuti anathawira ku Zambia. Mnzake wa Luciana wa kushikola analumbira kuti anamuona ku Tete atanenepa, atakwatira mkazi wina. Teodoro mmodzi yemweyo! Koma pakhomo pa mlongo wawo, mawu a malume ndiwo anali omaliza, ndipo a Beatriz anangogwedeza mutu.

Masiku anapita. A Beatriz ankatsuka balalo ndi madzi amchere n'kumangapo masamba, koma m'malo moti uphwe, mwendo unayamba kuda. M'nyumba munalowa kafungo kamene aliyense ankakamva koma palibe ankakatchula. Zopita kuchipatala malume anakana, ati kumeneko amafunsa mafunso ambiri. A Nicolau thupi linatentha, nayamba kubwebweta. Chodabwitsa, sankaitana mkazi wawo kapena mwana wawo.

"Enkomenda ya a Bibiana a ku Malowera," ankatero, maso ali tsinzini. "Isanyowe. Muli mankhwala a mwana."

Luciana akamva zimenezi ankatuluka n'kukakhala kuseri kwa nyumba. Ankachita mantha ndi asilikali, ankachitanso mantha ndi kafungo kaja, ndipo sankadziwa kuti choopsa kwambiri n'chiti.

M'mawa wina kunamveka kulira kwa magalimoto kumsewu. Inali koluna, mzere wa magalimoto oyenda limodzi moperekezedwa ndi asilikali chifukwa cha nkhondo. Posakhalitsa anaona mayi wina akubwera m'kanjira ka kunyumba kwawo, nsapato zili m'manja, matope mpaka m'mawondo. Kumbuyo kwake kunali msilikali, mfuti ili paphewa.

"Mayo ine, afika!" anatero a Beatriz, manja ali pamutu.

"Khala chete, mlongo," anatero malume Baltazar. "Ndiyankhula ndine."

Msilikaliyo anatsala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kusenda nzimbe. Mayiyo anaodira mwaulemu, n'kukhala pampando umene Luciana anamupatsa.

"Dzina langa ndine Adelina," anatero. "Ndachokera ku empuleza, kumbali yoona za antchito. Tinamva mochedwa kuti galimoto ya kamarada Nicolau ili mumtsinje, chifukwa msewu unaduka. Ali kuti iwowo? Ali bwanji?"

"Ali m'nyumba, avulala pang'ono," anayankha malume. "Koma si za galimoto ayi."

"Nanga chinachitika n'chiyani?"

"Ng'ombe inawaponda," anatero malume.

"Anagwa padenga," anatero a Beatriz nthawi yomweyo, mantha atawaiwalitsa zimene anapangana.

Mayi Adelina anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo.

"Ndiye kuti," malume anatsokomola, "anagwa padenga, n'kugwera pang'ombe. Ng'ombe ija podzidzimuka ndiye inawaponda."

"Nanga galimoto inalowa bwanji m'madzi?"

"Anaiimika bwinobwino pamtunda. Madzi ndiwo anachita kuilondola."

Abale inu, bodza lake lomvetsa manyazi! Luciana analakalaka pansi patang'ambika. Chapatali apo ng'ombe ija inali gone m'matope, nkhuku itakwera pamsana pake.

Mayi Adelina analowa m'nyumba. Atavundukula nsalu ya pamwendo anatseka pakamwa ndi dzanja. Anawaitana a Nicolau kangapo, koma iwo ankangobuula. Potuluka nkhope yake inali itasintha.

"Tamverani, makolo anga," anatero. "Munthu akavulala ali pantchito, empuleza ili ndi udindo pa iye. Imamutengera kuchipatala chachikulu ku Tete, imamulipirira zonse, ndipo banja lake limathandizidwa mpaka atachira. Akalumala samutaya. Limenelo ndi lamulo, si chifundo changa. M'kolunamu ndasungitsa malo amodzi ogona munthu wovulala pantchito, ndipo ndachita kulimbana ndi mkulu wa asilikali kuti andipatse. Koma ngati ndi ng'ombe ya pakhomo, malowo sindingawagwiritse ntchito. Pali ena ovulala amene akuwafuna. Ndiye ndifunsenso: chinachitika n'chiyani?"

A Beatriz anatsegula pakamwa, koma malume anawaponda chala.

"Msampha umenewo," anawanong'oneza. "Amayamba ndi mawu okoma."

Kenaka mokweza anati, "Ndi ng'ombe, kamarada."

Mayi Adelina anatembenukira kwa Luciana. "Nanga iwe mwanawe, unalipo?"

Luciana anamva maso onse ali pa iye. Akanena zoona, mwina msilikali uja ataya nzimbe n'kubwera ndi chingwe. Akanena bodza, mayiyu apita ndi malo aja. Malume sanamunamizepo chibadwire, ndiwo anamugulira nsapato zake zoyamba. Koma mayiyunso sankaoneka ngati munthu wotchera msampha, matope okhaokha chonchi. Wolondola ndani?

"Ng'ombe," anatero ndi mawu osamveka bwino.

Mayi Adelina anapuma mozama, n'kutola nsapato zake. "Chabwino. Koluna sidikira munthu, ndipo ina sindikudziwa kuti idzadutsa liti. Yesetsani kupita nawo kuchipatala mwanjira ina iliyonse. Mwendo umenewu sudikiranso."

Anatsazika n'kulowa m'kanjira kaja, msilikali ali pambuyo.

"Mwaona?" anatero malume, akupukuta thukuta. "Tapulumuka."

Nthawi yomweyo mawu ofooka anatuluka m'nyumba.

"Luciana, mwanangu."

Aka kanali koyamba kumutchula dzina chigonereni. Anathamangira m'nyumba n'kugwada pambali pawo. Maso a bambo ake anali otsegula, koma ankayang'ana kudenga.

"Ndamva magalimoto," anatero a Nicolau. "Abwera kudzatenga enkomenda? Uwapatse. Uwauze kuti msewu unadyeka, ine ndinayesetsa. Ya a Bibiana ikhale pamwamba."

Luciana anaimirira. Za Teodoro sankazimvetsabe, za sabotaji sankazimvetsa, za lamulo la empuleza ndiye kaya. Chimene anamvetsa n'chakuti bambo ake, ngakhale mutu utatentha chotero, sankabisa kanthu. Obisa anali iwo a moyo wabwinowa.

Anatuluka, n'kukwera pankhokwe, n'kudumphiramo. Anakankha makoko aja mpaka anapeza kaphukusi kosokedwa m'chiguduli, kolembedwa dzina la a Bibiana.

"Iwe! Ukutani mmenemo?" anakuwa malume. "Luciana! Ufuna kutiphetsa?"

Koma mtsikanayo anali atadumpha kale, liwiro la mtondo wadooka. Anaterereka, anagwa, anadzuka, phukusi lili pamutu kuti lisakhudze matope. Anawapeza Mayi Adelina ndi msilikali uja akuyandikira msewu, magalimoto atayamba kale kulira.

"Amayi! Amayi, imani!" Anagwada m'matope momwemo, akupumira m'mwamba. "Si ng'ombe. Ng'ombe ija siponda ngakhale mwanapiye. Bambo anagwa ndi galimoto akupita kukatula enkomenda. Zina zonse zili m'nkhokwe kwathu, sitinatsegule ngakhale imodzi. Chonde musawamange ngati a Teodoro."

"Teodoro wake uti?" anafunsa Mayi Adelina modabwa.

"Wa thirakitala uja."

"Ameneyo sindikumudziwa, mwanawe." Anamudzutsa n'kumupukuta matope kumaso. "Sindikunamiza kuti masiku ano palibe amene amamangidwa popanda chifukwa. Zimachitika, ndipo mantha a malume ako ndikuwamvetsa. Koma msewu wodyekawo ndauona ndi maso angawa, ndipo ndikanena zimenezo kulikonse kumene angandifunse. Ndimangofuna mmodzi wa pakhomo panu anene."

Anatembenukira kwa msilikali uja. "Thamanga ukawauze adikire. Ubwere ndi anzako ndi machira."

Asilikali atalowa pabwalo, malume Baltazar anakweza manja m'mwamba. Anyamatawo anangowadutsa ngati sakuwaona, n'kulowa m'nyumba kukanyamula wodwala. Ena anapanga mzere kuchokera pankhokwe, akupatsirana maphukusi. Malume anatsala ali chiimire, manja ali m'mwamba, mpaka a Beatriz anawauza kuti, "Achimwene, tsitsani manjawo, mugwire mwendo wa alamu anu usagwedezeke."

A Beatriz anapita nawo limodzi ku Tete. Luciana anatsala ndi malume, ndipo kwa nthawi yaitali awiriwo sankayankhulana kwenikweni. Mwezi ukatha, thumba la ufa, nyemba ndi sopo zinkafika kuchokera ku empuleza. Malume ankalandira katunduyo atayang'ana kumbali. Chingwe chodzawamangira chimene ankachiyembekezera sichinabwere.

A Nicolau anabwerera chimanga chitauma m'minda. Luciana anathamangira kumsewu akusekerera, koma atawaona akutsitsidwa m'galimoto anaima. Mwendo wa buluku wakumanzere unali wopindidwa, womangidwa ndi chingwe pansi pa bondo.

"Adokotala anati moyo wokha ndiwo tinaupeza," anatero a Beatriz chapansipansi. "Anati tikanafika masiku oyambirira aja, mwendo ukanatsala."

"Usalire, mwanangu," anatero a Nicolau. "Ntchito sanandichotse. Ndizikhala ku Fingoe n'kumasanja enkomenda, anyamata azinyamula. Paja ya a Bibiana inafika, mwana anachira."

Madzulo a tsikulo anthu anadzaza pabwalo kudzawaona. Malume Baltazar anafika pomalizira penipeni, atanyamula ndodo ziwiri zoyendera zimene anasema okha ndi mtengo wa mlombwa, zosalala bwino, pamwamba atakulungapo chikopa. Luciana anazindikira tsopano chimene malumewo ankagogoda kuseri kwa khola chilandirireni uthenga wa ku Tete umene anamubisira. Anazigoneka pafupi ndi a Nicolau, n'kukhala pansi, chipewa chili m'manja.

A Nicolau anatenga ndodo imodzi, n'kuisisita, n'kuiyesa m'khwapa.

"Alamu," anatero, "ng'ombe yanu ija mukaiuze kuti ndinaikhululukira."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Malume Baltazar sanaseke. Anaphimba nkhope ndi chipewa chija, mapewa akugwedezeka, ndipo Luciana anapita kukakhala pambali pawo.