Makadi Khumi Otsala

Lachiwiri, 11 koloko m'mawa, anthu anathyola chitseko cha nyumba ina n'kupeza mayi wachikulire ali thapsa pansi, manja omangidwa ndi chingwe cha ayironi. M'nyumba monse munkanunkha mankhwala ophera nsikidzi. Makina osokera, wailesi ndi foni zinali zitapita. Patebulo panatsala kakhadi koyera ka zilembo zobiriwira: Timapopera nsikidzi ndi mphemvu. Imbani lero, mugone bwino.

Iyi inali nyumba yachitatu m'mwezi umodzi. Mwini khadiyo ankabwera ngati wopopera, n'kuuza eni nyumba kuti atuluke kwa maola atatu, mankhwala ndi oopsa, iye n'kutsala akusankha katundu. Mayi uyu anakana kutuluka, n'chifukwa chake anali gone kuchipatala osayankhula. Nambala ya pakhadipo inazima tsiku lomwelo.

Lachisanu, cha m'ma 1:30 masana, wapolisi wofufuza analowa m'kashopu kosindikiza, kachisanu ndi chiwiri pa mashopu amene anayendamo. Kanali kunsi kwa masitepe, kopanikiza, konunkha inki. Mwini wake anthu ankangomuti Mayi Makadi, ndipo ntchito ankaidziwa, kudzitama nakonso ankakudziwa. Khoma lonse anakhomapo makadi, limodzi pa ntchito iliyonse imene anagwirapo: osoka, ometa, owotcherera, azamba.

Wapolisiyo sanapereke moni wautali. Anatola khadi la wometa patebulo, n'kuligundaniza ndi limene anatulutsa m'thumba. Onse awiri anali ndi kachipsera kamodzimodzi m'mphepete, ngati analumidwa ndi mbewa.

"Mpeni wa makina anu odulirawa ndi wobenthuka, eti mayi?"

"Pang'ono pokha, bwana. Palibe kasitomala anadandaulapo."

"Ili munapanga ndinu?"

Mayi Makadi analiyang'ana n'kumwetulira. Analikumbukira bwino. Bambo waulemu, ovolosi yochapa, mawu otsika. Anabwera wopanda chithunzi, wopanda mawu oti alembedwe, anangoti, "Mundipangire loti munthu akaliona anditsegulire chitseko." Mtundu wobiriwirawo anasankha ndi iye. Mawu oti mugone bwino anaganiza yekha, ndipo anawanyadira tsiku lonse.

Wapolisi atamufotokozera za mayi wa kuchipatala uja, kumwetulira konse kunatha.

"Dzina anasiya?"

"Ayi."

"Munamusindikizira angati?"

"Handiredi. Koma ine ndimawonjezera khumi, poopa kuti ena angawonongeke podula. Akatsala ndimagawira anthu, kuti makasitomala anga apeze ntchito."

"Tiwaone khumiwo."

Limodzi linali pakhoma. M'dilowa munali asanu ndi atatu. Wapolisi anawayala patebulo n'kumuyang'ana.

"Lina lili kuti?"

Mayi Makadi anakumbukira. Lamlungu lapitalo anakacheza kwa bambo ake, nkhalamba yokhala yokha, ya mwendo wofooka. Anadandaula kuti nsikidzi sizikuwagonetsa. Iye anapisa m'chikwama n'kuwapatsa khadi lija, ndipo bambowo anaimbira wopoperayo foni iye ali pomwepo. Anapangana Lachisanu, 2 koloko.

Wotchi ya pakhoma inkati 1:40.

Anamuuza wapolisiyo zonse, uku akuimba foni ya bambo ake. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi.

"Akawauza kuti atuluke, atuluka?" anafunsa wapolisi akuthamangira kugalimoto.

"Bambo anga? Satuluka m'nyumba mwawo ngakhale denga likudontha!"

Msewu unali wodzadza. Kutsogolo kwawo lole ya simenti inkakwawa ngati yatumidwa kuti iwachedwetse. Wapolisi anaitana anzake awiri pa wailesi. Mayi Makadi anangofumbata foni, akuimba, ikuitana, osayankhidwa. Sankaganiza za wakubayo ayi. Ankangoona dzanja lake lomwe likupereka khadi.

Anafika 2:20. Pakhomo panali zii. Mawindo onse otseka, makatani ogwetsa. Kuseri kwa nyumba kunaima kagalimoto kotsegula kumbuyo, muli kale njinga ndi wailesi ya nkhalambayo. Fungo la mankhwala linawalandira ali pageti.

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Anatuluka munthu wa ovolosi, nsalu kumphuno, atanyamula sutikesi. Ataona apolisi sanathawe n'komwe.

"Musalowe, akuluakulu, ndangopopera kumene. Eni ake apita kokayenda."

"Ndodo yawo iyo ili pakhondepo apita ndi chiyani?" anakuwa Mayi Makadi.

Munthuyo anamuzindikira. Anaponya sutikesi n'kulumphira kumpanda, koma wapolisi wina anamugwira mwendo n'kumugwetsera pansi. Unyolo unalira m'manja. M'thumba la ovolosi munali chingwe ndi makadi makumi asanu ndi limodzi, oyera, osagawa.

Mayi Makadi anali atalowa kale. Anawapeza bambo ake kuchipinda, atamangidwa pampando, thaulo kukamwa, mutu uli zyoli m'fungo lotsamwitsa. Anaswa windo ndi chigongono, osamva n'kuwawa komwe. Anawakokera panja mothandizana ndi wapolisi. Kwa kanthawi nkhalamba sinagwedezeke. Kenako inatsokomola, n'kutsokomolanso, n'kutsegula maso.

Wopoperayo khoti linamupatsa zaka khumi ndi zinayi. Mayi wa kuchipatala uja anachira, koma dzanja limodzi silinagwirenso ntchito.

Tsiku limene bambo ake a Mayi Makadi ankatuluka m'chipatala, akuvala malaya, khadi lija linagwa kuchokera m'thumba. Mayi Makadi analitola.

"Ababa, munthu wosamudziwa, munamulowetseranji mpaka kuchipinda?"

Nkhalamba inamuyang'ana modabwa, mopanda mkwiyo ngakhale pang'ono.

"Nkhope yake sindinaikonde, mwanawe. Ndinatsala pang'ono kumubweza pageti. Koma anandionetsa khadi, ndiye ndinati, ili anapanga ndi mwana wanga."