Boti la Suwilanji pa Bua

Suwilanji anali atatopa. Kwa masabata atatu anakhala akupala matabwa otsala kwa amisiri a maboti, manja ake mpaka kutuluka matuza, koma boti lake la kalabu ya sayansi linali lisanayendebe. Linali lalitali mita yathunthu, lolemera ngati mwana woyamba kukwawa. Chionetsero cha kusukulu chinali Lachisanu.

Loweruka m'mawa analisenza kupita nalo kwa a Ramsey, okonza magalimoto pamsika. Iwo anaika mota ziwiri pathebulo. Ina inali yakuda, yamafutamafuta, yochokera ku fani ya galimoto yakufa. Atailumikiza ku batire, inangong'ung'udza chapansipansi. Inayo inali ya Suwilanji yemwe, kamota konyezimira ka m'galimoto ya chidole, momwe anachotsamonso rimoti. Kameneka kanalira ngati udzudzu wa m'khutu, uku kakuvina pathebulopo.

"Ndamva kale, ankolo. Ndiika kangaka. Yanuyo ili ndi tulo."

"Kakuthamanga chifukwa sikananyamule kanthu," anatero a Ramsey. "Iwenso wopanda mtolo pamutu suthamanga?"

"Kunyanja injini yamphamvu imadziwika ndi kulira."

A Ramsey anangopukuta manja ndi kansanza. "Boti ndi lako. Yakudayi ikhala pashelefu, ilibe miyendo."

Masana a tsikulo, amake, a Emelda, anamutsatira kumtsinje wa Bua atanyamula mpukutu wa ulusi wosokera ukonde. Za mota sanafunse n'komwe. Maso awo anali pa bango ndi namasupuni, pomwe ng'ona inagwira mbuzi ya aneba chaka chatha.

"Manga ulusi uwu kumbuyo kwake."

"Amama, boti la rimoti? Kulimanga ngati mbuzi? Anzanga akamva andiseka mpaka Folomu 4."

"Akuseke. Ine ndatopa nako kukhala mtima uli m'mwamba. Manga, apo ayi tibwerera nalo kunyumba."

Suwilanji anamanga atatupa masaya.

M'mphepete botilo linayenda bwino, ndipo iye anawayang'ana amake cham'mbali. Koma litafika pomwe madzi amathamanga, linayamba kukwawa. Kulira kuja kunasasa. Suwilanji anakanikiza batani la rimoti mwamphamvu, nakanikizanso. Kautsi kanafuka, kenaka kunangoti zii. Madzi analitembenuza boti lija n'kuyamba kulikankhira kubango.

Sanadziwe kuti masilipasi anawavula nthawi yanji. Anangozindikira madzi afika m'akakolo, dzanja la amake litamugwira pamkono, lozizira ngati chitsulo.

"Mapazi amenewo abwerere kumtunda." Mawu awo anali otsika. Atamukokera pouma anamupatsa mpukutu uja. "Koka wekha."

Iye ankayesa kuti boti libwera ngati tsamba. Ayi ndithu. Madzi analigwira, namasupuni atakolekera kunsi kwake, ndipo ulusi unalowa m'matuza aja mpaka anakulunga dzanja ndi chitenje. Ankakoka, n'kupuma, n'kukokanso, thukuta likulowa m'maso. Mapewa atayamba kuwawa, anakumbukira kamota kaja, kochepa ngati chala chake chachikulu. Ntchito yomwe inkamuthyola msanayi ndi imene anakatuma iko.

Boti litagunda mchenga, anakhudza kamotako ndipo kanamuotcha. Mawaya a rimoti anali bwinobwino. A Emelda anali atakhala pansi.

"Ukanalowa, eti?"

Suwilanji anayang'ana kubango kuja. "Ndikanalowa, amama."

Sanamukalipire. Anangomuthandiza kusenza boti, iwo n'kunyamula masilipasi.

A Ramsey anali pansi pa minibasi pamene Suwilanji anafika. Anatuluka, nayang'ana kamota kopserera, kenaka mizere yofiira m'manja mwake.

"Kalira bwanji kamnzakoko?"

"Kalira n'kumaliza, ankolo."

Iwo anaseka pang'ono, natsitsa mota yakuda ija pashelefu. "Iyi ifuna batire yaikulu, ndiye tisunthe zonse zikhale pakati. Mpaka Lachitatu manja amenewo agwirabe ntchito."

Suwilanji anapumira m'mwamba, natembenuza boti lija n'kuloza kumbuyo kwake.

"Musanayambe, mundiboolereko apa. Pakhale pomangirira ulusi."