Kiyi wa Bokosi la Mpingo

Pakhomo pa a Zebedee Mwalwimba ku Mwenilondo panali poti mayi aliyense akanatumizako mwana wake mtima uli m'malo. Nyumba inali yozira bwino, kuseri kuli nthochi ndi chinangwa, ndipo m'mawa asanatulutse ng'ombe banja lonse linkayamba layimba nyimbo ndi kupemphera. Mayi a pakhomopo, a Nyakayira, ankalima mpunga kudambo. Mwana anali mmodzi yekha, Febby, amene anabadwa makolo ake atataya kale mtima.

A Mwalwimba anali mkulu wa mpingo wathu, ndipo ndiwo ankasunga kiyi wa bokosi la makalata la mpingo ku positi ya pa Boma. M'zaka zimenezo, za m'ma 1980, m'mudzi mwathu munalibe munthu wa bokosi lakelake. Aliyense wokhala kutali ankalembera abale ake kudzera pa bokosi la mpingo. Loweruka a Mwalwimba ankapalasa njinga kukatenga makalata, kiyi ali pachingwe m'khosi, khadi la chipani lili m'thumba la malaya. Lamulungu mapemphero akatha ankayima pakhonde la tchalitchi ndi kuitana mayina mokweza, ngakhale mwini kalata atayima pambali pawo pomwepo. Phukusi silinkalowa m'bokosi. Likafika, a positi ankaponyamo kakhadi ka dzina la mwini wake kuti akasayine yekha pawindo, ndipo kakhadiko nako ankakaitana pagulu. Ena ankadandaula kuti za kwawo zikudziwika, koma iwo ankayankha kuti chobwera m'dzina la mpingo chiperekedwe anthu akuona.

Kenaka maso awo anayamba kuchita nkhungu. Mmishonale wina amene anabwerera kwawo anali atawalonjeza magalasi, koma miyezi inkangopita. Atagunda mbuzi ndi njinga panjira ya ku Boma, anavula chingwe chija ndi kumuveka Febby, amene anali atangokhala pakhomo atalephera kusankhidwa kupita ku sekondale. Akulu anzawo anang'ung'udza kuti kiyi wa mpingo sangakhale m'khosi mwa mtsikana, koma iwo anamuyimira.

"Kiyi uyu si wanga ndipo si wako," anamuuza. "Chilichonse chimene upeze m'bokosi ubwere nacho. Usatsegule cha munthu, usabise cha munthu, usasayine chimene sukuchidziwa."

"Yewo, adada," anatero Febby atagwada.

Poyamba ankagwira bwino. Ankayima pambali pa bambo ake, iye akuwerenga dzina chapansipansi, iwo akulikweza. Ine ndinkakhala benchi la kumbuyo chifukwa cha mwana wanga wolira, ndipo wokhala kumbuyo amaona zambiri. Ndinaona kuti pakaitanidwa kakhadi ka phukusi, maso a Febby ankamutsatira mwini wakeyo mpaka pamsewu.

Mumsika wa pa Boma munali mayi wina, Violet, wogulitsa zitenje ndi mafuta odzola ochokera ku Tanzania. Mwamuna wake palibe ankamudziwa, koma kuseka ankatha. Tsiku lina anamukodola Febby, namugulira chakumwa chozizira, akumutchula monga a ku Tanzania kuti mdogo wangu, ndiye kuti mng'ono wanga.

"Mdogo wangu, khosi lokongola chonchi nkumalendeweramo chitsulo ngati ng'ombe yotsogolera? Bwera ndikuveke mkanda, anthu adziwe kuti ndiwe munthu."

Anamuveka. Loweruka lotsatira anamudzoza mafuta onunkhira m'manja. Loweruka linalo ndiye anafotokoza kuti ali ndi mnzake ku India wofuna kumutumizira kamzigo, koma iye alibe bokosi. Ankangopempha kuti phukusilo libwere m'dzina la Febby, pa bokosi la mpingo. Febby ananena za kuitana mayina pakhonde. Violet anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati kakhadi kalibe miyendo, kakalowa m'bulauzi sikangayende kokha kupita kutchalitchi.

Kakhadi kanabwera, kanalowa m'bulauzi. Febby anasayina pawindo, nakapereka phukusi kuseri kwa zitenje, nabwerako ndi nsapato zofiira. Lamulungu lake anayima pambali pa bambo ake monga mwa masiku onse.

Phukusi lachiwiri litabwera anafunsa zimene zinali m'katimo. Violet sanabise. Anati ndi mapiritsi otchedwa mandrakisi, amene boma linaletsa chifukwa amazunguza bongo, koma ku Joni anthu amawalimbirana. Febby anafuna kubweza nsapato.

"Iwe ukumwa? Ukugulitsa? Watsegulapo? Iwe ukungonyamula, mdogo wangu. Basi ikanyamula wakuba, amamanga basi?"

Febby nsapato zija sanabweze. Kuyambira tsiku limenelo ankadziwa chimene akuchita.

Nsapatozo ankazinyamula m'thumba la makalata, nkukazivala atafika pa Boma. Ndinamuona ndi maso anga tsiku limene ndinapita ndi mwana ku sikelo, ndipo fungo la mafuta aja linkatifikira ngakhale ife a benchi la kumbuyo. Ndinawauza a Nyakayira tikupuntha mpunga. Iwo anakafufuza, napeza nsapato ndi mkanda pansi pa mphasa.

"Izi wagula ndi mpunga wa munda uti?" anamufunsa.

Febby anati wapatsidwa ndi mnzake.

"Mnzako wopatsa osapempha kanthu, ubwere naye ndimuone nkhope. Ine ndakalamba ndisanakumane naye."

Febby analira, nati amayi ake safuna kuti aoneke ngati atsikana anzake. A Mwalwimba atamva anaweruza mofatsa kuti zinthuzo zibwezedwe kwa mwini wake, ndipo anamukumbutsa mawu a tsiku la kiyi. Febby anavomera, nangosintha pobisa. Loweruka lililonse akatsika njinga bambo ake ankamufunsa ngati magalasi awo afika. Iye ankayankha kuti ayi, makalata okha, nthawi zina kakhadi ka Violet kali pachifuwa.

Patapita nthawi Violet anati mtsikana wa kumudzi wolandira maphukusi a ku India pafupipafupi adzachititsa anthu kufunsa. Lotsatira libwere m'dzina la a Mwalwimba, lolembedwa pamwamba kuti ndi mabuku a mpingo, ndipo Febby akalitenge ngati wotumidwa ndi bambo ake osaona bwino. Febby anakana. Ananena zimene tonse tinkadziwa masiku amenewo, kuti za kunja nthawi zina zinkafika zitatsegulidwa ndi kumatidwanso.

"Phukusi la mkulu wa mpingo angatsegule ndani?" anatero Violet. "Ndiponso kukana wachedwa. Dzina lako lili kale m'manja mwa anthu."

Febby anawerama, nalemba dzina lonse la bambo ake pachikhatho cha Violet.

Lachisanu lina kunabwera mayi wotsogolera amayi a chipani kudzauza atsikana onse kuti mawa lake akapezeke pabwalo la sukulu kukonzekera gule wa ndolo, poti msonkhano waukulu unali pafupi. Zimenezi munthu sankakana. Febby anayesa kunena kuti makalata adikire sabata ya mawa, koma bambo ake anati anthu akuyembekezera mawu a ana awo, ndipo iwo akwera ngolo ya a Chakufwa, mnansi wawo, imene inkapita ndi mpunga ku Boma. M'mawa mwake anatambasula dzanja kuti alandire kiyi. Pamenepo Febby akanatha kulankhula. Anawayang'ana, navula chingwe, nawaveka yekha m'khosi, nkuwakonzera kolala ya malaya. Mumtima ankati mwina phukusi silinafike.

Linali litafika. A Mwalwimba anapapasa m'bokosi napeza kakhadi, napempha a Chakufwa awawerengere.

"Ndi dzina lanu, a Mwalwimba. Lachokera kunja."

A Chakufwa amati sanawaonepo akusangalala ngati tsiku limenelo. Anauza aliyense pamzere kuti Lamulungu awerenga okha mayina. Anasayina pang'onopang'ono, nkhope ili pafupi ndi pepala. Atangokumbatira phukusi, amuna awiri ovala wamba anayima uku ndi uku. Anali apolisi. Phukusilo a kasitomu, oyang'anira katundu wolowa m'dziko, anali atalitsegula kale, ndipo ankangodikira woti alisayinire.

Analimasula pamaso pawo. Munali mabuku obooledwa pakati, odzaza mapiritsi oyera. A Mwalwimba analowetsa dzanja, napapasa ngodya zonse.

"Nanga magalasi ali pati?"

"Dzina ili ndi lanu, bambo?" anafunsa wapolisi, munthu wa kumwera. Anavomera. "Mwasayina ndinu?" Anavomeranso. "Ndiye katundu ndi wanu. Zina mukanena kutsogolo."

A Chakufwa anabwera okha pangolo, nafika pabwalo ng'oma zikulira. Febby atamva anakhala pansi m'fumbi, anthu nkumati ndi chisoni. Lamulungu pakhonde sipanaitanidwe dzina. Anthu anatuluka mwakachetechete, ndipo ambiri analambalala nyumba ya a Mwalwimba, poti masiku amenewo munthu akatengedwa ndi apolisi ngakhale kufunsa kunkaopsa. Lolemba Febby anathamangira kumsika. Pamalo pa Violet panali mayi wogulitsa tomato, amene anati mwini malo anawoloka mtsinje wa Songwe kulowa ku Tanzania Loweruka lomwelo.

Febby anabwerera osauza munthu. Ankatunga madzi, ankaphika, osadya. A Nyakayira ankapita kupolisi ndi chakudya, ndipo kumeneko amuna awo ankangoyankha apolisi kuti phukusi salidziwa, osatchula munthu. A Mwalwimba ananong'oneza akazi awo kuti, "Nyakayira, mwana musamufunse kanthu. Ine ndakalamba kale." Mayiwo anamva tanthauzo lake. Sanamufunse. Anangomanga mbale ya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, m'nsalu tsiku lina, namuikira Febby pamutu.

"Lero ukapereke ndiwe. Miyendo yanga yatopa."

Apolisi anawatulutsa a Mwalwimba atagwira khoma. Mapazi anali atatupa, malaya aja ada, ndipo maso sankaonanso ngakhale chithunzi cha munthu. Febby anagwada osalankhula, koma iwo ananunkhiza.

"Febby. Mafuta aja sunabweze."

Sananene mokalipa. Anafunsa ngati ng'ombe zikumwa, ndi amene akuitana mayina. Febby anagwira mapazi otupawo, nayamba kulira kwenikweni. Bambo ake anamva kumene kulirako kunkapita, namugwira phewa.

"Mwana wane, tula mbale upite kunyumba."

"Adada, ndakubisirani zambiri. Ichi chokha sindibisa."

Anadzuka napita pa tebulo la wapolisi, nanena zonse: mkanda, nsapato, timakhadi ta m'bulauzi, ndi dzina limene analemba pachikhatho cha Violet. Tsiku limenelo a Nyakayira anadikira pamsewu mpaka dzuwa kupendeka, ndipo palibe anabwera.

Kukhoti Febby ananena kuti sanamwepo, sanagulitsepo, sanatsegulepo. Woweruza anamuyankha kuti wolandira mankhwala oletsedwa ndi wowafikitsa kwa wina ali ndi mlandu ngati mwini wake, ndipo kusatsegula sikumuchotsera kanthu. Anamupatsa zaka za kundende, namutengera kumwera, kumene amayi ake sakanatha kufikako. Violet sanapezeke mpaka lero.

A Mwalwimba anamasulidwa, koma anabwera akutsogoleredwa ndi ndodo. Anapereka kiyi kwa a Chakufwa asanawapemphe. Mvula itayamba kunabwera kakhadi kena m'dzina lawo, kochokera kwa mmishonale uja. Atamva za kusayina anakana kupita, ndipo panalibe wina wolimba mtima kuwapitira. Phukusi la magalasi linakhala ku positi mpaka linabwezedwa kumene linachokera.

Chaka chitatembenuka kunafika kalata ya chidindo cha ndende. A Chakufwa, powamvera chisoni, anawatsatira pabenchi mapemphero asanayambe kuti awapatse m'manja anthu osaona. Ine ndinali kumbuyo kwawo, ndipo ndinamva yankho.

"Ayi, a Chakufwa. Mukaitane pakhonde, mokweza. Zobwera mobisa zatikwana m'nyumba mwanga."

Mapemphero atatha a Chakufwa anaitana dzina. A Mwalwimba anayankha kuti "Ndilipo," nayenda ndi ndodo pakati pa anthu, a Nyakayira atawagwira chigongono. Analandira ndi manja awiri kalata imene sakanatha kuiwerenga, naiyika m'thumba la malaya.

Atsikana ndi anyamata, ndi inu amayi anzanga, nkhani iyi ndailemba kuti imveke poyera. Musabwereke munthu dzina lanu kapena bokosi lanu kuti alandirirepo katundu wa kunja, ngakhale akhale woseka bwanji. Musasayine phukusi limene simukulidziwa. Mankhwala oletsedwa akabwera pa positi, boma silifunsa amene anakunyengererani. Limayang'ana dzina lolembedwa pamwamba ndi dzanja limene lasayina. Wotumiza amakhala kutsidya kwa nyanja, wokutumani amawoloka mtsinje, ndipo pawindo pamatsala inu, kapena bambo anu. Ndipo mukaona mwana wanu akununkhira mafuta amene simunamugulire, musalekere pa kufunsa kamodzi.