Kamvuluvulu ndi Khoma Lonyowa

Kamvuluvulu anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Dzinali anamupatsa ndi amalume ake. Ndipo linkamuyenera ndithu. Mwanayu sankadziwa kuyenda pang'onopang'ono. Akatumidwa, liwiro. Akaitanidwa, liwiro. Ngakhale popita kukasamba, liwiro.

Kamvuluvulu ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kujambulidwa pakhoma la tchalitchi.

Amayi ake anali mmisiri wojambula zithunzi. Mwezi umenewo ankajambula m'tchalitchi chakale cha mumsewu wawo. Tchalitchicho chinali ndi denga lalitali. Chinali ndi mazenera aatali ngati anthu awiri. Ukanena kuti "moni," denga nalo linkayankha kuti "moni."

Khoma lakumanzere linali ndi zithunzi zakalekale. Panali Nowa ndi chombo chake. Panali angelo a mapiko akuluakulu. Panali asodzi ndi maukonde awo. Amayi ankati nkhope za asodziwo ndi za anthu enieni. Wojambula wakale ankaitana anansi ake n'kuwajambula. Anthuwo anamwalira kalekale, koma nkhope zawo zikadalipo.

Khoma lakumanja linali lopanda kanthu. Pamenepo Amayi ankajambulapo Yesu ndi ana. Nawonso anaitana ana enieni a mumsewuwo.

Amayi ankajambula ngati amisiri akale. M'mawa uliwonse Amalume ankabwera ndi chidebe. Ankasakaniza laimu ndi mchenga. Ankamata kachigawo kamodzi ka khoma, kukula kwake ngati chitseko. Kenako Amayi ankajambula msangamsanga, khoma lisanaume.

"Khoma lonyowa limamwa utoto," Amayi ankatero. "Khoma louma silimwa."

Utoto umene khoma lamwa suchokanso. Umakhala zaka ndi zaka. Kamvuluvulu akamva zimenezi, mtima wake unkavina. Nkhope yake pakhoma, zaka ndi zaka!

Koma panali lamulo. Mwana wojambulidwa ankakhala pabenchi. Ankakhala phee, osagwedezeka.

Lolemba anajambulidwa mwana wa atelala. Anakhala phee. Lachiwiri anajambulidwa mapasa a akalipentala. Anakhala phee. Lachitatu anajambulidwa Duntu, mlongo wake wa Kamvuluvulu, wa zaka zitatu. Duntu ndiye anaposa onse. Atangomuika pabenchi, tulo.

Lachinayi Kamvuluvulu anakhala pabenchi. Anapinda manja. Anatseka pakamwa. Koma phazi lake linayamba kuvina lokha. Phazi lina linachita nsanje, nalonso linayamba kuvina. Posakhalitsa benchi yonse inali kugwedezeka.

Lachisanu anayesanso. Anagwira mapazi ake ndi manja. Koma nkhunda inalowera pazenera. Inazungulira kudenga. Amayi potembenuka, anapeza benchi ili yokhayokha. Mwini wake anali kukhomo, akuthamangitsa nkhunda.

"Mwanangu," anatero Amayi, "kodi mphepo ndingaijambule bwanji?"

Amalume anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati kuthamanga si kufika. Kamvuluvulu sanaseke nawo.

Loweruka linali tsiku lomaliza. Lamlungu anthu onse ankayembekezeka kubwera kudzaona chithunzicho. Pakhoma panatsala kachigawo kamodzi kokha. Kanali m'munsi, pafupi ndi dzanja la Yesu. Yesu anali atakhala pamwala. Dzanja lake linali lotambasuka, lopanda woligwira.

Amayi anauza Kamvuluvulu mosabisa. Akakhala phee, amujambula pamenepo. Akalephera, ajambulapo udzu ndi maluwa.

Udzu! Kamvuluvulu sankafuna kugonjetsedwa ndi udzu.

M'mawa Amalume anamata kachigawo kaja. Anasalaza bwinobwino ndi mpeni wawo womatira. Khoma linali lonyowa, lokonzeka kumwa. Kamvuluvulu anakhala pabenchi. Mapazi phee. Manja phee. Ngakhale mphuno phee.

Amayi anapisa dzanja m'chikwama. Anafufuza uku, anafufuza uko. Kaburashi kakang'ono kojambulira nkhope munalibe. Anali atakaiwala kunyumba, patebulo.

"Ndikatenge ine, Amayi!"

Amayi anamuuza kuti apite, koma pobwera alowe moyenda. Mawu otsirizawo anamva ndi chitseko. Kamvuluvulu anali atatuluka kale.

Anadutsa pa atelala, liwiro. Anadutsa pa akalipentala, liwiro. Analowa m'nyumba. Anatola kaburashi. Anabwerera liwiro lomwelo. Anakondwa kwambiri, chifukwa kuthamanga kwake kunali ndi ntchito lero.

Analowa m'tchalitchi akuthamangabe. Ananyamula kaburashi m'mwamba. Chidebe cha Amalume sanachione. Phazi linakodwa. Kaburashi kanauluka. Kamvuluvulu anatambasula dzanja kuti asagwe.

Thapsa!

Dzanja lake linamira m'khoma lonyowa.

Kamvuluvulu anachotsa dzanja pang'onopang'ono. Pakhoma panatsala chidindo. Chikhatho chimodzi, zala zisanu. Chinali pansi penipeni pa dzanja la Yesu.

"Pepani, Amayi," anatero. Mawu ake anali aang'ono.

Amayi anayang'ana chikhatho chake ngati chavulala. Sichinavulale. Anapuma mpweya wautali. Anati nthawi yapita, ndipo khoma layamba kuuma. Anati Amalume asalaze chidindocho, iwo ajambule udzu. Udzu sugwedeza benchi.

Kamvuluvulu anamva chisoni chachikulu. Misozi inatsika, ina uku, ina uku. Amalume anatola mpeni wawo womatira. Nthabwala zawo zinali zitawathera.

Nthawi yomweyo Abusa analowa kudzaona ntchito. Anali okalamba, oyendera ndodo. Anaima pafupi ndi Kamvuluvulu. Onse awiri anayang'ana pakhoma.

Mwana wa atelala anali pamenepo, atakhala phee. Mapasa anali pamenepo, atakhala phee. Duntu anali pamiyendo pa Yesu, ali mtulo. Kamvuluvulu anapukuta misozi. Anafunsa Abusa kuti ana onsewa anafika bwanji kwa Yesu.

Abusa anati akuluakulu ena ankawaletsa. Ankawauza kuti asachite phokoso. Koma Yesu anawaitana kuti abwere.

"Anawaitana yekha?" anafunsa Kamvuluvulu.

"Yekha, mwana wanga."

"Ndiye ine ndikanathamanga," anatero Kamvuluvulu. "Akandiitana Yesu, sindingayende. Amayi, pakhomapa palibe mwana amene akuthamanga."

Amayi anayang'ana khoma. Anayang'ana chidindo. Anayang'ana dzanja lotambasuka lija. Mpeni wa Amalume unali utatsala pang'ono kukhudza khoma.

"Achimwene, taimani," anatero Amayi.

Anakhudza khoma ndi chala. Linali lozizira. Linali lonyowabe pang'ono. Anatola kaburashi kaja pansi. Maso awo anali kuwala.

"Pita kukhomo," Amayi anauza Kamvuluvulu. "Ubwere kuno ukuthamanga."

Kamvuluvulu sanakhulupirire makutu ake. Kuthamanga? M'tchalitchi? Anayang'ana Abusa.

Abusa anakanda m'mutu. Anati zaka zawo zonse akhala akuletsa ana kuthamanga muno. Kenako anakweza chala chimodzi. "Lero lokha," anatero.

Amalume anachotsa chidebe panjira. Anakankhira mabenchi kumbali. Ndiye Kamvuluvulu analiyatsa liwiro!

Anathamanga kuchokera kukhomo mpaka kukhoma. Amayi anajambula mwendo umodzi uli m'mwamba.

"Bwereza," anatero Amayi.

Anathamanganso. Amayi anajambula diresi lachikasu likuuluka.

"Bwereza."

Anathamanganso. Amayi anajambula nsapato imodzi itavuka, ili kumbuyo. Inali itavukadi.

Denga linkayankha mapazi ake, pha, pha, pha. Duntu, yemwe ankagona pakona, anadzuka n'kuyamba kuwomba m'manja. Abusa ankawerenga ndi ndodo yawo. Kasanu. Kasanu ndi kamodzi. Kasanu ndi kawiri. Amalume ankakhudza khoma pafupipafupi. Ankati m'mphepete mwayamba kuuma. Ankati afulumire.

Amayi anafulumira. Kamvuluvulu anafulumira. Khoma linkamwa utoto wofiira. Linkamwa wachikasu. Linkamwa wakuda.

Inatsala nkhope. Kamvuluvulu anathamanga komaliza. Anali wefuwefu, thukuta kamukamu, koma akuseka. Amayi anajambula nkhope yomweyo. Anajambula pakamwa potsegula. Anajambula mpata wa dzino lomwe linachoka sabata yatha.

Kenako anajambula mkono wotambasuka. Mkonowo unathera pa chidindo chija. Dzanja sanalijambule, chifukwa linalipo kale. Anangolipaka utoto, chala chimodzi chimodzi.

Amalume anakhudza khoma. "Lauma," anatero.

Amayi anaika kaburashi pansi. "Lamwa," anayankha.

Lamlungu tchalitchi chinadzaza. Atelala anabwera. Akalipentala anabwera. Aliyense ankaloza mwana wake pakhoma. Kenako onse ankaima pamalo amodzi, m'munsi muja. Ankamwetulira. Panali kamtsikana kothamanga, nsapato imodzi kumbuyo. Zala zake zinali zitatsala pang'ono kukhudza zala za Yesu.

Mapemphero atatha, ana anandanda pamzere. Aliyense ankafuna kuika dzanja lake m'chidindo chija. Amayi anawalola, koma mokhudza pang'ono chabe. La Duntu linachepa. La mwana wa atelala linakula.

Amalume anafunafuna mwini dzanja. Panja kunalibe. Kukhomo kunalibe. Anamupeza pabenchi yakutsogolo, pafupi ndi Amayi.

Kamvuluvulu anali kuyang'ana pakhoma. Mapazi phee. Manja phee. Ngakhale mphuno phee.

"Iwe, wadwala kodi?" anafunsa Amalume.

"Ayi, Amalume," ananong'ona. "Ndikudziona ndikufika."

Amayi anamukumbatira. Duntu anakwera pamiyendo pake n'kugona. Kamvuluvulu anakhala phee mpaka Duntu anadzuka.