Amene Anapeza Mtembo

Exildah ankakupiza mbaula pakhomo, dzuwa litangolowa, pamene anamva kusesako koyamba. Magetsi anali atazima kuyambira masana, ndipo komboni yonse ya Kanyama inali m'madzi a mvula ofika m'akakolo. Phokosolo linkachokera padenga la nyumba yoyandikana nayo: shwe, shwe, shwe, ngati munthu akusesa malata ndi tsache la udzu. Kenaka kunabwera fungo la nthenga zowauka, koma panalibe amene anapha nkhuku.

"Bashi Kombe, mwamvela?" Exildah anafunsa mwamuna wake Chisenga, bambo wa mwana wawo Kombe, amene ankatsuka wilibala yake yogulitsira makala.

"Ni makoswe chabe," iye anayankha. Koma anasiya kutsuka, nalowetsa wilibalayo m'nyumba.

Patapita masiku awiri, mwini nyumba ija anapezeka chagada m'ngalande. Thupi lonse linali lonyowa, lopanda bala, koma m'kamwa munali mutadzaza phulusa louma. Sabata yotsatira anapezeka mayi wina wogulitsa ndiwo, chimodzimodzi. Pampopi akazi ankanong'onezana kuti denga lake nalonso linasesedwa. Ena ankati ndi amalonda ofuna kukhwima, ena ankati ndi mzimu wa munthu amene manda ake anakokoloka. Anthu anamwaza mchere pamalata, abusa anadzoza zitseko mafuta, koma kusesako sikunaleke. Tsiku lina khamu linakaima pakhomo la polisi ndi miyala m'manja, likufuula kuti ngati sagwira munthu, liwotcha ofesiyo.

Wachitatu kufa anali Moven, wogulitsa makala mnzake wa Chisenga. Anamupeza ndi Chisenga yemweyo m'mawa, akupita kumsika. Anamukokera pouma, nayesa kumuchotsa phulusa m'kamwa ndi zala, akumutchula dzina. Ataona kuti palibe chimene angachite, anathamangira kupolisi osasamba n'komwe m'manja.

Wapolisi amene anamulandira sanayang'ane nkhope yake. Anayang'ana zala.

"Unaziba bwanji kuti ali paja?"

"Ndiye njila yanga, bwana. Nimapita pamene paja masiku onse."

"Nkala pansi."

Exildah anamuona mwamuna wake m'chitokosi cha apolisi patapita masiku anayi. Nkhope inali itatupa, ndipo manja ankalephera kugwira mbale.

"Ninasaina, bana Kombe," Chisenga ananong'oneza mayi wa mwana wakeyo.

"Munasaina vichani?"

"Siniziba. Vinali mu Chizungu. Bananiuza ati nikasaina nizayenda kunyumba."

Mvula itatha, imfa nazonso zinaleka, ndipo anthu anati, "Mwaona? Anali yemweyo." Kukhoti kunabwera Namukolo, mayi woluka tsitsi, amene analumbira kuti anaona Chisenga akutsatira Moven madzulo a tsikulo. Wina anakumbukira kuti awiriwo anakanganapo za malo oimika wilibala kumsika. Phulusa lija palibe anakaliyeza. Loya amene boma linamupatsa Chisenga anali ndi mulu wa mafailo wofika pachibwano. Anacheza naye mphindi zisanu m'khonde, akumutchula dzina la munthu wina. Chisenga atanena kuti anamenyedwa, anafunsidwa ngati ali ndi kalata ya dokotala. Analibe. Woweruza anawerenga pepala lija losainidwa, nagamula kuti akhale m'ndende moyo wake wonse.

Mu Disembala mvula inabwerera. Madzi anadzazanso m'tinjira, zimbudzi zinasefukira, ndipo madzulo ena agalu onse a mumzere wa Exildah anakhala chete nthawi imodzi. Shwe, shwe, shwe. M'mawa mwake Benard wometa tsitsi anapezeka kuseri kwa shopu yake, phulusa lili tho m'kamwa.

Exildah analira, koma mumtima mwake munali kachiyembekezo kamene anachita nako manyazi. Anathamangira kupolisi.

"Bwana, bamuna banga bali mu jele. Manje uyu wamupaya ni ndani?"

"Nkhani ija inasila, mayo. Iyi ni ina," anayankha wapolisi, kusonyeza kuti mlandu wa Chisenga unatha kale.

Pobwerera anapeza mawindo a nyumba yake ataswedwa. Akazi amene ankatunga nawo madzi anamutembenukira misana. "Mfiti siitsekeredwa," ankatero. "Amatuluka m'ndende ngati utsi, n'kubwerera kusanache." Imfa imene ikanamuyeretsa Chisenga ndi imene inamudetsa kawiri.

Masana ena Namukolo anabwera, atadzifunda chitenje kumutu ngati wamaliro. Anakana mpando. Anali ataonda, milomo itauma.

"Ba Exildah, ine sininaone nkhope."

Exildah asanafunse, Namukolo anapitiriza.

"Kunali mudima, malaiti kunalibe. Ninaona chabe munthu kumbuyo, mutali. Ku polisi bananionesa bamuna banu beka, bali na unyolo, ati ni uyu, si uyu? Ninayopa. Ninavomela."

"Tiyeni mukakambe."

"Bazanimanga ine, ati ninanama pa khoti."

"Bamuna banga bazafela muja, ba Namukolo!"

Namukolo anasendera pafupi. "Mailo basesa pa malata yanga," anatero motsitsa mawu, akunena za usiku wapitawo. "Sinifuna kufa na ichi. Mubwele kuseni, tiyende kuli loya."

Exildah anafika m'mawa, atavala diresi lake la kutchalitchi, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope. Chitseko cha Namukolo chinali chotsegula. Mwini wake anali atagona chagada m'madzi pafupi ndi khomo, maso ali kumwamba, masaya atafufuma. Sipanafunike kuyandikira.

Exildah anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma anadziletsa. Mkazi wa mkaidi, ataima yekha pamtembo wa mboni imene inamangitsa mwamuna wake: ndani akanafunsanso funso lina? Anabwerera chafutambuyo pang'onopang'ono, nakakhala pakhomo pake, diresi lili chivalire.

Ali pomwepo ankaona njira yonse mpaka pakhomo pa Namukolo. Anadutsa bambo wina wopita kuntchito. Anaima, anayang'ana, nawoloka tsidya lina. Anadutsa amayi awiri osenza zidebe, nafulumiza mapazi osalankhulana. Anadutsa mbusa ndi Baibulo lake kukhwapa, maso ali pafoni. Ntchentche zinayamba kusonkhana. Mpaka dzuwa linafika pamutu, m'Kanyama monse munalibe munthu amene anali ataona kanthu.